Mzere wa a Wapampando

M'mudzi wina umene dzina lake silikutikhudza, kuseri kwa phiri limene limatchinga netiweki, sukulu inalandira makompyuta asanu ndi lamulo limodzi. Pakutha milungu itatu, ana a Sitandade 7 akhale atapanga tsamba la sukulu la pa intaneti, apo ayi makompyutawo apita kusukulu ya kutsidya. Mayi Mkwezalamba, mphunzitsi wa anawo, akangoganiza za a kutsidya akuseka, mtima unkawawira.

Koma kwathu kuno ntchito siyamba popanda mwambo. Anaitana Bambo Gomonda, Wapampando wa Komiti ya Sukulu, Mkulu wa Makomiti Onse ndiponso Msungi wa Kiyi wa Geti Limene Silinamangidwe, kuti alembe mzere woyamba wa malangizo ouza kompyuta kapangidwe ka tsambalo, ngati mwala wa maziko. Bambowo anapinda malaya n'kugwetsa chikhatho chonse pamabatani. Zilembo zinabalalika ngati nyerere, amayi a m'mudzimo n'kuimba nthungululu.

Pansi pake ana analemba mizere yawo mazana awiri, yoyalana bwino ngati ya m'dimba. Atati atsegule tsamba, linangoti mbee!

"Musalire," anatero Mayi Mkwezalamba. "Cholakwika timachifufuza mzere umodziumodzi, ngati tikusankha mpunga."

Ana anaikonda ntchitoyi kuposa mpira. Pasanathe mphindi khumi, Mwatitha, kamtsikana kapakamwa, kanadumpha.

"Madamu, tachigwira! Ndi mzere wa a Wapampando!"

Madamu anachita kukhala pansi. Komiti inakumana masiku atatu n'kugamula kuti mzerewo ulibe vuto, vuto ndi mizere ya ana yosadziwa kugonjera akuluakulu. "Mawu a akulu akoma akagonera," anatero mlembi, ndipo mzerewo unagoneradi mpaka Lachinayi lomaliza.

Tsikulo Madamu, atataya kale mtima, ankaphunzitsa za timipanda. Ukafuna kusiyira mnzako mawu ofotokoza, umawazinga ndi zizindikiro zouza kompyuta kuti apa si pako, dumpha. Ali pakati pofotokoza anaima, n'kuyamba kuseka okha mpaka misozi. Ana anamvetsa osauzidwa. Anauzinga mzere uja ndi kampanda, pamwamba n'kulemba kuti: "Mzere Wolemekezeka. Osaukhudza." Tsamba linatseguka nthawi yomweyo, ndipo kalasi yonse inavina pamodzi ndi Madamu, mpaka desiki ina inathyoka mwendo.

Lachisanu a Wapampando anafika ndi alendo.

"Nanga mzere wanga ukugwira ntchito yanji?"

Mwatitha anagwada. "Uli pamwamba pa yonse, bambo, aliyense akuuona. Taupumitsa kuti usatope. Ikugwira ntchito ndi inzakeyi."

"Ulemu wake ndi umenewo!" anatero Bambo Gomonda, n'kudziombera m'manja.

Makompyuta sanapite kutsidya. Komiti nayo, imene sichedwa kutola nzeru, inakweza Bambo Gomonda kukhala Wapampando Wolemekezeka Wamuyaya, n'kuwapatsa mpando wa ndalema kutsogolo kwenikweni, pamene aliyense angawaone, n'kuwapumitsa kuti asatope. Geti linamangidwa mwezi womwewo.