Pemphero limene ndinalibweza ku Malawi

Mulungu ndi wabwino, abale anga, chifukwa manyazi sapha. Akanakhala kuti amapha, bwenzi pano udzu utamera kale pamanda anga, mandawo ali m'dziko la eni. Koma taonani ndili moyo, banja langa lilipo, ndipo chimene chinafa chifukwa cha ine ndi nkhuku imodzi basi.

Ife timakhala m'mudzi wina kuno ku Vubwi. Ukaima padimba langa n'kuyang'ana kotulukira dzuwa, umaona mapiri a ku Malawi ali mbuu ngati utsi. Ndakula ndikuwaona, koma phazi langa linali lisanapondeko. Ndikanakatani? Mchere ulipo konkuno, tchalitchi chilipo konkuno.

Chaka chimenecho titangomaliza kutola thonje, amuna anga, bambo a Tiya, anayamba kusintha. Munthu amene tsitsi lake ndimameta ndine ndi lumo kuseri kwa nyumba, anakametetsa ku boma. Nsapato zimene zinkangotuluka pa maliro anazipukuta mpaka ndinadziona nkhope. Foni ikalira, ankathamangira kuseri kwa nkhokwe. Tsiku lina ndikuwapititsira madzi kumunda, ndinawapeza atagwada bondo limodzi, akuwomba m'manja mwaulemu, akulankhula ndi chitsa cha thonje. Atandiona anayamba kukanda bondo ngati alumidwa ndi linthumbu.

Sabata yomweyo kunabwera alamu anga, anaPhiri, mlongo wawo wa bambo a Tiya, amene amakhala ku Katete. Amenewa ndi amayi ake a Yelesani, mnyamata wokonza njinga zamoto amene chibwenzi chake ndi mtsikana wa ku Sinda chinatha mwadzidzidzi (nthawi imeneyo chifukwa chake sindinkachidziwa, ndinangomupempherera). Alamu angawo ndi mlongo wawo ankanong'onezana pakhonde, ine ndikangotulukira, nkhani n'kusanduka ya mtengo wa fetereza. Pochoka anasiya kathumba, ndipo nditakagwiragwira (sindinatsegule, ndinangogwiragwira mpaka kanatseguka) ndinapezamo shuga ndi sopo wonunkhira.

"Loweruka ndipita ku Malawi," anatero bambo a Tiya akusamba m'manja. "Kupita m'mawa, kubwera madzulo."

"Kwagwanji?"

"Palibe chagwa. Nkhani za amuna."

"Nkhani za amuna zimasamba sopo wonunkhira?"

"Amake Tiya, inu muzingopemphera."

Kupempherako ndimapemphera. Ine nkhani sindisunga mumtima, ndimaipereka kwa Mulungu, ndipo ndimaiperekera pa msonkhano wa amayi a mpingo Lachinayi, kuti tinyamulizane. Wina akadwala, wina mwana wake akatenga mimba, ndimaimirira n'kupempha amayi kuti tiwakumbukire. Koma iyi yokha inandikanika kuimirira nayo. Ndinapita nayo kwa mnzanga anaMbewe, amene amagulitsa tomato ndipo ku Malawi amapitako ngati kuchigayo.

AnaMbewe anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupukusa mutu.

"Mnzanga, dziko lija ndi laling'ono, koma mapiri okhaokha ngati mizere ya mbatata. Phiri lililonse kuseri kwake kuli mudzi, ndipo mudzi uliwonse uli ndi mwamuna wa ku Zambia amene anati abwera madzulo."

"Ndiye alamu anga?"

"Nanga mkazi wachiwiri amamupezera munthu ndani? Si mlongo wake?"

Zaka zonsezi, ana onsewa, ndikhale wa kunyumba yaikulu? Pamenepo ndinaganiza kuti nanenso ndikonze ulendo wanga wa ku Malawi, kupita m'mawa, kubwera madzulo.

Ulendo ndinaukonza ngati ndikupita ku nkhondo. AnaMbewe anandipezera a Sakala, bambo wachikulire woyendetsa njinga yamoto, amene anali atamva kale kwa mnzawo mudzi umene bambo a Tiya anapangana kuti akatulidwe (anthu a njinga zamoto sabisirana kanthu). Ndinaphika mbatata, chifukwa ndinalumbira kuti chakudya cha kumeneko sindikachilawa, mwina angandithirire cha kundipusitsa. Ndinamanga bulangeti, chifukwa anaMbewe anati kumapiri kumazizira mpaka mano kuwombana. Ndinafunsa Tiya, amene anafika patali ndi sukulu, ngati ku Malawi amamva chilankhulo chathu. Anandiseka mpaka kutsamwa. Pomaliza ndinasita yunifolomu yanga ya amayi a mpingo, bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku, n'kuipinda pamodzi ndi Baibulo. Ndinkafuna mkazi ameneyo akadziwe kuti akulimbana ndi ndani.

Loweruka bambo a Tiya ananyamuka atavala jekete yobwereka kwa aphunzitsi, manja ake ofika m'zala. Fumbi lawo litangotha, a Sakala anatulukira.

Abale, kuzizira kuja sikunabwere. Dzuwa linaswa mtengo, ine bulangeti lili pamiyendo, thukuta likutsikira m'nsapato. Njira inali yokwera ndi yotsika, miyala yokhayokha, ndipo ndinayimba nyimbo zonse za maliro zimene ndimadziwa. Pena pake a Sakala analoza mwala wopaka laimu pakati pa munda wa chimanga.

"Mayi, mwalowa m'Malawi."

"Malire ake ndi amenewa?"

"Mumayembekezera chipata cha golide?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Chimanga chomwecho, mbuzi zomwezo. Koma mtima unandiuza kuti mbuzi za kuno zili ndi maso achinyengo.

Titazungulira phiri lina lalitali, mudzi unaoneka. Ndinawaimitsa a Sakala, ndinalowa pa tchire n'kusintha zovala. Ndinatuluka ndili mbee, Baibulo kukhwapa.

Nyumba yake sinavute kupeza. Pansi pa mtengo wa mango panali mipando ndi mphasa. Bambo a Tiya anali pampando, jekete ili pathupi, nsapato zikuwala, kathumba kaja kali pamapazi. Patsogolo pawo panali mtsikana atagwada, akuwapatsa thobwa ndi manja awiri, maso pansi. Mwana, abale! Msinkhu wa Tiya wanga! Pamphasa panali amayi angapo, ndipo pampando wina panali bambo wa imvi amene pambuyo pake ndinadziwa kuti ndi a Mwale, malume ake a mtsikanayo.

"Odi!" ndinatero ndi mawu a Lachinayi.

Bambo a Tiya atandiona, thobwa linalowera kolakwika. Anatsokomola mpaka misozi.

"Awa... awa ndi amayi a kunyumba," anatero mawu atabwerera.

A Mwale anaimirira nkhope yonse ikuseka. "Aa! Mwachita bwino kwambiri. Anthu a ku Zambia ulemu mumaudziwa. Kubwera ndi amayi a mpingo pa nkhani ngati iyi! Fikani, mayi, fikani. Tinali tisanayambe n'komwe. Ndiye poti mwabwera ndi yunifolomu, titsegulireni ndi pemphero kuti zaukwatizi ziyende bwino."

Zaukwatizi! Ananena okha, pamaso panga, opanda manyazi. Ndipo akufuna ine ndidalitse.

"Mwina ndipemphere ine," anatero bambo a Tiya mofulumira.

"Ayi, ayi," a Mwale anakana. "Yunifolomu ilipo, jekete ipempherenji?"

Onse anaweramitsa mitu. Ine ndinatseka maso, ndinakoka mpweya, n'kuyamba.

"Atate wakumwamba, Inu amene mumaona ngakhale kuseri kwa mapiri. Inu mukudziwa amene anadya nkhwani wopanda mchere ndi munthu uyu chaka cha njala. Mukudziwa amene amamumeta tsitsi. Lero thonje labereka, anthu aona jekete, osadziwa kuti ndi yobwereka. Atate, ukwati umene ukukambidwa pabwalo pano muugwetse. Uume ngati therere la m'chilimwe. Usaone mvula ya chaka chino. Mwana uyu mumutsegule maso, aone kuti bambo awa mawondo anatha, akakhala pansi amadzuka ndi mtengo. Ndipo alamu anga a ku Katete muwakhululukire, poti ine ndikulephera. Amen."

Palibe anayankha amen. Ndinangomva nkhuku ikupalasa masamba. Nditatsegula maso, ndinapeza aliyense anatsegula kalekale. Mtsikana uja anali atabisa nkhope m'chitenje, akulira.

"Amake Tiya," anatero amuna anga ndi mawu aang'ono ngati a mwana wodwala, "uyu ndi Enelesi. Ndi wa Yelesani. Ine ndabwera ngati malume."

Abale, mwambo umenewu ndimaudziwa kuyambira ndili mwana. Mnyamata akapeza mbeta sapita yekha kukafunsira, amene amapita ndi malume ake, iye n'kutsala kunyumba akudikira yankho. Inenso pokwatiwa anabwera kwathu ndi malume awo a bambo a Tiya, atavala jekete yobwereka. Ndipo malume a Yelesani ndi ndani, ngati si amene ndimagona nawo nyumba imodzi? Zonsezi zinabwera m'mutu mwanga nthawi imodzi, koma zinachedwa ndi pemphero limodzi.

A Mwale anakhala pansi pang'onopang'ono. Kuseka kuja kunali kutachoka.

"Ine chibadwire," anatero, "mlendo sanatembererepo pabwalo langa. Mwana wathu akalowe m'banja limene limayamba ndi kuumitsa ukwati? A Phiri, nyamulani kathumba kanu. Nkhani ithere pompa."

Apa mpamene mantha enieni anandigwira. Banja langa linali bwinobwino, koma la Yelesani ndinali nditalipha lisanabadwe. Ndinayang'ana Enelesi akusisima, ndinakumbukira Yelesani ali pansi pa mtengo ku Katete, manja ali ndi oilo, akuyang'anayang'ana foni.

Amene anandipulumutsa ndi amayi ake a mtsikanayo, anaMwale. Anali phee pamphasa nthawi yonseyi, koma ndinaona mapewa awo akugwedezeka.

"Achimwene, dikirani," anatero. "Inenso ndine wa Lachinayi, yunifolomu yanga ili m'nyumbamu. Mayi awa ndawamva. Bambo ake a Enelesi atandibisira ulendo, inenso ndikhoza kuwoloka malire. Koma vuto ndi lakuti pemphero lapita kale, ndipo la munthu wovala zoyera silitayika panjira. Alibweze okha, atagwada, tonse tikumva."

"Ndi nkhuku," anatero a Mwale. "Bwalo langa lisambe."

"Ndi nkhuku," anavomera bambo a Tiya msangamsanga.

Ndinagwada pafumbi, siketi yosita ija. Kunena zoona, sindinayambe ndapempherapo pemphero lobweza linzake, ndipo sindinkadziwa poyambira.

"Atate, ndine ndemwe uja. Zimene ndanena posachedwapa, ngati simunayambe kuzigwirira ntchito, zisiyeni. Ngati mwayamba, imani kaye. Ukwati uja musauumitse, ndi wa Yelesani. Muuthirire. Za mawondo a bambo a Tiya ndi zoona, koma sizinali zoti anthu a dziko lina amve. Alamu anga palibe chimene alakwa, wofunika kukhululukidwa ndine. Mwana uyu mumupukute misozi, ndipo mumupatse mtima woiwala. Amen."

Amen amene anayankha pamenepo anamveka mpaka kuphiri. A Sakala, amene anali atatsamira njinga yawo kuseri kwa khola, anawonjezera wawo wachiwiri.

Nkhuku inagulidwa kwa oyandikana nawo, inaphedwa, inaphikidwa. Ine amene ndinalumbira kuti sindikalawa kanthu ku Malawi ndinadya mpaka kunyambita zala, mbatata zanga zikuchita thukuta m'bulangeti. Enelesi ndiye anandithirira madzi osamba m'manja. Sanandiyang'ane, koma anandisankhira chiwindi. Nkhani inakambidwa, ndipo a Mwale anayankha monga mwa mwambo kuti amva, akhala pansi ndi abale, malume adzabwerenso kudzamva yankho. Anawonjezera kuti pobweranso abwere okha.

Potsika phiri tinayenda pansi pang'ono, njinga zikutidikira kumunsi.

"Nanga munandibisiranji?" ndinafunsa. "Mukanangonena, zonsezi bwenzi kulibe."

"Mukukumbuka mtsikana wa ku Sinda?"

"Ndinamupempherera kwambiri."

"Eya. Munamupempherera Lachinayi, pamaso pa amayi onse, ine ndisanapite kukafunsira. Makolo ake anamva pamsika kuti mwana wawo akukwatiwa. Anati ngati a ku Vubwi amaliza kale okha, akwatirane okhaokha."

Tinakwera njinga mpaka pa mwala wa laimu uja.

"Ndiye chonde, amake Tiya," anatero titalowa m'Zambia, "mpaka atiyankhe, nkhani iyi muziuza Mulungu yekha. Amamva ngakhale munthu ali yekha."

Ndinalonjeza, ndipo ndinalonjeza ndi mtima wonse.

Lachinayi litafika, amayi otsogolera anafunsa ngati pali wina ali ndi chopempha. Ndinagwira benchi ndi manja awiri. Ndinaluma mlomo. Koma munthu Mulungu wakuchitira zazikulu chotere, wakubwezera banja, wakudyetsa chiwindi m'dziko lachilendo, ungakhale pansi? Ndinaimirira. Dzina sindinatchule, ayi, pamenepo ndinasamala. Ndinangoti tikumbukire mnyamata wina wokonza njinga zamoto ku Katete, mwana wa alamu anga, amene akudikira yankho lochokera kuseri kwa phiri.

AnaMbewe, amene analipo pa msonkhanowo, anapita ndi tomato ku Malawi m'mawa mwake.

Mwa chisomo, a Mwale anangotumiza mawu akuti mayi aja awazolowera, ndipo ukwati unachitika chimanga chitauma. Pa tsikulo abusa anachedwa, anthu n'kuyamba kuyang'anayang'ana woti atsegule ndi pemphero. Ine ndinangosuntha pang'ono pabenchi kuti ndikonze duku. Bambo a Tiya anandigwira chitenje mbali iyi, anaMwale mbali inayo.