Mbewu za Azakhali a ku Kasenengwa

Lolemba
Madamu Zulu akuti Lolemba likubwerali aliyense wa m'kalabu ya ulimi aime kutsogolo, afotokoze mmene dziko lonse lingathetsere njala popanda kugugitsa nthaka. Ine kuima kutsogolo? Ngakhale poyankha rejisita mawu amandithawa. Koma nzeru ndaipeza: ndikayala mbewu zamakolo pathebulo, anthu aziyang'ana mbewuzo, osati ine. Azakhali a ku Kasenengwa anditumizira kale pa minibasi:
nzama
khobwe
mawere
mtedza wa chalimbana
nthanga za maungu

Lachiwiri
Zonse zabwera zopakidwa phulusa kuti anankafumbwe asalowe. Zikuoneka ngati zotola kudzala. Ndatsuka bwinobwino, ndayanika, ndaika m'mbale zisanu pakabati. Zawala! Madamu adzadabwa.

Lachitatu
Ndikufika kuchokera kusukulu, fungo la khobwe likundilandira pageti pomwe. Amayi akuti, "Chinthu chotsukatsuka chili m'mbale, ine ndidziwa bwanji kuti ndi homuweki?" Ndakwiya kwambiri. Ndadyako pang'ono, njala inalipo. Zatsala zinayi.

Lachinayi
M'mawa ndamata pepala pakabati, zilembo zikuluzikulu: OSADYA. Madzulo ndapeza adadi akuonera mpira, mtedza wokazinga uli m'manja. Akuti pepala analiwerenga ndithu, analiyamikiranso kalembedwe, koma amayesa ndi uthenga wa kwa ana. Zitatu!

Lachisanu
Mawere sanaume bwino, ayamba kafungo. Ndawayanika pasaka kuseri kwa nyumba, ndalowa kukamwa madzi basi. Potuluka, nkhuku za amake Chisomo a nyumba yoyandikana nafe zili pamsonkhano. Ndapita kukadandaula mpaka pakhomo pawo. Ndangowapatsa moni n'kubwerera.
Sindikukhazikika. Ndikungozungulira kabati.

Loweruka
Azimayi a mphakati abwera kudzapemphera kwathu, buledi mulibe. Amayi andiyang'ana, ayang'ana nzama, andiyang'ananso. Ndikanakana bwanji pamaso pa alendo? Mayi wina, pakamwa podzaza, akuti, "Nzama zotere zikusowa masiku ano, muzisungako mbewu yake." Onse avomereza. Mbale yabwerera yoyera.
Nthanga ndazibisa m'thumba la siketi. Izi zokha palibe azione.

Lamulungu
Titaweruka ku Misa ndakhala pansi pa mtengo wa mango kuloweza zoti ndikanene. Chiganizo choyamba ndachibwereza kakhumi. Ndikuloweza, dzanja likupita m'thumba, likubwerera kukamwa. Pofika chiganizo chachitatu, pansi pali makoko okhaokha.
Pano palibe woti ndimukwiyire.
Azakhali aimba foni kufunsa ngati mbewu zafika bwino. Ndati zafika, ndipo aliyense wazikonda.
Ndiye mawa ndi ine ndi thebulo lopanda kanthu, maso onse pa ine. Chabwino. Madamu akandifunsa za njala ndingonena zoona: dziko lonse sindikudziwa, koma kwathu ku Kapata sabata ino palibe wagona nayo, ngakhale nkhuku za eni.