Fomulariyo Yanga ndi Karimbu wa Dona Rozita

Lolemba

Lero ndi lero! Chinthu chimene ndakhala ndikukonza miyezi itatu chayamba ntchito.

Mu gabinete, ofesi yathu, tilimo atatu: a Shefe, bwana wathu, amene masiku ambiri amakhala kumisonkhano, Dona Rozita, mlembi wathu, amene anayamba kukhala pa tebulo la pakhomo ine ndikadali pasukulu ku Ulongwe, ndi ine wa makomputadolo. Ntchito yathu ndi kuthandiza aphunzitsi a pa univesidade pano. Wina waiwala senya, mawu achinsinsi otsegulira komputadolo, wina akufuna pulogalamu yowerengera zotsatira za kafukufuku, wina kalata yopitira kumidzi. Onsewa amangofika n'kugogoda. Ena sagogoda n'komwe.

Kuyambira lero zatha. Wofuna thandizo alembe fomulariyo pa intaneti, makina amupatse nambala, adikire nthawi yake. Ndamata chidziwitso pachitseko, zilembo zikuluzikulu. Lachisanu tikaonetsa kwa akuluakulu.

Dona Rozita awerenga chidziwitsocho kawiri, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Angoti, "Chabwino, mwanangu," n'kubwerera kukadinda makalata awo ndi karimbu.

Woyamba kubwera ndi a Dotolo Chagunda, mkulu wa imvi amene amafufuza matenda a mbuzi. Aiwala senya. Ndawalozera chidziwitso mwaulemu. Akhala pansi, ayesa, ndipo fomulariyo yawafunsa senya.

Izi sindinaziganizire.

Ndawakonzera pomwepo, ndipo fomulariyo ndawalembera ndekha atapita. Nambala wani ndi yanga yomwe. Palibe kanthu, chiyambi chimavuta.

Lachiwiri

Kutentha! Mu shapa, minibasi ya kuno, kuchoka kwathu ku Canongola malaya anyowa ndisanafike n'komwe.

Ndapeza mzere pakhomo. Anthu asindikiza fomulariyo yanga pa pepala, alemba ndi cholembera, ndipo akudikira kuti Dona Rozita adindepo karimbu. Akuti chinthu chopanda karimbu sangachikhulupirire. Dona nawo akudinda ndithu, mmodzimmodzi, uku akufunsa za ana ndi za odwala kunyumba.

Ena alemba pa intaneti, ndiyamike. Pa funso lakuti "Vuto lanu ndi lotani?" ayankha chonchi:

– Mukulidziwa kale.
– Lomwe lija.
– Ndibwera ndikufotokozereni.
– Komputadolo ikulira ngati njuchi koma ndikaiyang'ana imasiya.
– Palibe vuto, ndimangoyesa ngati mumayankha.

Mphunzitsi wina wa masamu waika dzina lake pamalo pa vuto, vuto pamalo pa dzina. Makina amutumizira uthenga woyamba ndi mawu akuti "Wokondedwa Chosindikizira Chadya Pepala." Wabwera kudzadandaula yekha, wakhala nane theka la ola.

Madzulo ndafotokozera akazi anga, amake Tina, zonsezi. Akuti ngakhale iwo kuchipatala amayamba afunsa kaye ngati kuli namwino amene amamudziwa. Sindinapemphe maganizo amenewo.

Lachitatu

A Shefe andiitana. Akumwetulira, mpando autembenuzira ku makina oziziritsa. Ati fomulariyo yanga aikamba kale kwa akuluakulu ndipo onse akondwa. Ndamva kukoma mpaka m'mawondo.

Kenako apitiriza. Ati ikayenda bwino Lachisanu, tebulo la pakhomo silifunikanso. Dona Rozita awasamutsira ku nyumba yosungira mafayilo akale, ku Chingodzi. Sakuchotsedwa ntchito ayi, akungosamuka. Andiuza kuti ndisawauze kaye.

Chingodzi ndi tsidya lina la mtsinje. Dona amakhala kudera la Samora Machel, pafupi pomwepa. Masana alionse amayenda wapansi kupita kwawo kukadyetsa amuna awo, a Alberto, amene anafa ziwalo mbali imodzi. Amawatembenuza, amawamwetsa mankhwala, n'kubwerera nthawi isanakwane. Ali ku Chingodzi angachite bwanji, ndi magalimoto akuluakulu amene amadzaza pa mlatho paja?

Ine ndimangofuna kuti anthu aleke kundiimirira pamutu. Za kusamutsa munthu sindinalembe paliponse.

Ndatuluka kwa a Shefe ndapeza Dona andisungira mbale ya masau ouma pa tebulo langa. Ndalephera kuwayang'ana kumaso. Ndatsegula makina, ndaona pamene ndingakanikize kuti fomulariyo yonse ife lero lomwe, palibe angadziwe. Chala chafika pafupi. Ndachibweza. Ndi ntchito yanga ya miyezi itatu, komanso ine si munthu wa chinyengo. Kapena ndine wamantha chabe, sindikudziwa.

Masau sindinadye. Ndabwera nawo kunyumba, Tina wamaliza.

Lachinayi

M'mawa bata. Mzere wachepa, anthu ayamba kuzolowera. Chinthu changa chikuyenda.

Dzuwa litakwera Dona Rozita andifunsa ngati ndawaona a Dotolo Chagunda. Akuti tsiku lililonse amadutsa kudzanena "Muli tani, Dona?" koma dzulo sanabwere, lero sanabwere. Ndati mwina ali ku mbuzi zawo. Dona sanakhutire, awaimbira.

A Dotolo ali kunyumba. Komputadolo yawo inafa Lachiwiri madzulo, m'menemo muli zonse za kafukufuku wa zaka zitatu, ndipo lipoti liyenera kutumizidwa mawa kwa anzawo amene akugwira nawo ntchito. Nanga bwanji sanabwere? Ati analemba fomulariyo pa foni monga ndinawaphunzitsira, makina anawauza kuti adikire masiku atatu, ndiye akudikira. Sanafune kundikhumudwitsa.

Ndayang'ana. Pempho lawo lilipo, lolembedwa bwino kuposa onse, lili pansi pa la munthu wofuna mbewa ya komputadolo yatsopano. Munthu mmodzi yekha amene wamvera malamulo anga!

Afika pa chopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu, komputadolo ataikulunga m'chitenje ngati mwana wodwala. Ndaitsegula, ndayesa zonse zimene ndimadziwa. Yaferatu. Ndawauza. Mkulu uja wakhala pa mpando, wavula chipewa, wangoyang'ana pansi. Ati mbuzi zina zimene anaziyeza zinadyedwa kalekale, sangakazifunsenso.

Pamenepo Dona atsegula kabati yawo ya pansi, atulutsa envulopu yothimbirira. M'katimo fulashi. Akuti chaka chatha ndinaphunzitsa aphunzitsi kuti azisunga ntchito yawo pawiri. Anabwera anthu anayi, awiri anagona. Dona anali pakhomo ndi mabotolo a madzi, ndipo anamva. Kuyambira pamenepo mwezi ukatha amawagwira a Dotolo pa mkono, osawasiya mpaka atakopera zonse mu fulashiyo. A Dotolo eni ake anali ataiwala kuti amachita zimenezi. Amaganiza kuti ndi za malipiro.

Zonse zilimo, kupatula za mwezi uno. Zimenezo zili m'kope lonunkha khola. Dona athamangira kwawo kukadyetsa a Alberto, abwerako, ndipo masana onse iwo akuwerenga manambala, ine ndikulemba, a Dotolo akukonza pamene talakwitsa. Tamaliza dzuwa lisanalowe. A Dotolo agwira dzanja la Dona ndi manja awiri, athokoza kangapo kuti "ndatenda." Ine andisisita paphewa.

Sindinayankhe fomulariyo ngakhale imodzi lero.

Lachisanu

Ndavala tayi. Kutentha kotereku!

M'chipinda muli akuluakulu atatu, aphunzitsi angapo, a Shefe kutsogolo. Dona atsala pa tebulo lawo. A Shefe alankhula nthawi yaitali za kupita patsogolo. Ine ndakhala ndi pepala langa, ndatsimikiza mumtima kuti akandifunsa ndinena zoona zokhazokha, za dzulo zomwe, zivute zitani.

Mayi wina wa akuluakuluwo afunsa kuti munthu akakhala ndi vuto aonana ndi ndani. A Shefe ati saonana ndi aliyense, ubwino wake ndi umenewo. Mayiwo angolemba kanthu.

Ndiye a Shefe aganiza zoonetsa okha. Alemba dzina lawo, udindo wawo wonse, vuto lopeka, akanikiza. Pakhoma paoneka zilembo zikuluzikulu: ndinu nambala 31, dikirani masiku atatu.

"Ngakhale inu?" afunsa mayi aja.

A Shefe andiyang'ana. Ndati makina sadziwa munthu, a Shefe, ndi mmene tinagwirizanira. Wina kumbuyo watsokomola kubisa kuseka.

A Dotolo Chagunda aimirira osaitanidwa. Lipoti lawo latumizidwa m'mawa. Afotokoza zonse, chitenje, envulopu, kope. Sanandinyoze ayi, anditchula kuti mnyamata wakhama. Koma amaliza ndi kunena kuti makina anawapatsa nambala, pamene Dona Rozita anazindikira kuti sanabwere kudzapereka moni.

Andifunsa ngati zili choncho. Ndati zili choncho. Ndawonjeza kuti mapempho ambiri a sabata ino alowera pa tebulo la Dona, ndipo amene anathandizidwa msanga ndi omwewo.

Chigamulo: fomulariyo ikhalepo, chifukwa yatchulidwa kale m'malipoti. Koma aziilemba ndi Dona Rozita, munthu akabwera kudzafotokoza vuto lake pakamwa. Ndiye kuti zonse zili monga kale, kungoti Dona awonjezeredwa ntchito. Za Chingodzi palibe watchula.

M'khonde a Shefe andiuza kuti ganizo langa linali losapsa, ndinafulumira nalo. Lachitatu linali ganizo lathu. Ndavomera, ndavula tayi. Miyezi itatu yapita m'madzi ndipo ndikuyenda mopepuka ngati ndakhululukidwa machimo.

Loweruka

Mtima sukundipatsa mtendere. Ndagula nyama ya mbuzi kumsika, ndapita ku Samora Machel.

A Alberto ali pa mpando pansi pa mtengo, wailesi pa miyendo. Andipatsa dzanja lamanzere. Dona akuchapa. Ndakhala pa benchi, ndazungulirazungulira, za kutentha, za mpira, kenako ndaulula: ndinadziwa kuyambira Lachitatu kuti akufuna kuwasamutsa, ndipo ndinakhala chete.

Dona sanasiye kuchapa. Ati iwo anadziwa Lolemba.

"Kalata yondisamutsayo ukuganiza analemba ndani, mwanangu? A Shefe sadziwa ndi pomwe pamakhala mapepala."

Anailemba okha, mwaudongo, a Shefe anasaina osakumbukira kuti wolembayo ndi yemwe akusamutsidwa, ndipo inatsala kudindidwa. Ndafunsa kuti ili kuti tsopano. Ati ili pa mzere, ikudikira karimbu, ndipo mzere wake ndi wautali. A Alberto aseka ndi mbali imodzi ya nkhope mpaka misozi.

Ndafunsa ngati anakwiya nane. Ati Lolemba anakwiya, usiku sanagone bwino, amaganiza za amuna awo. Koma anaona kuti sindikudziwa chimene ndikuchita, ndipo munthu wotero sumukwiyira nthawi yaitali. Sindikudziwa ngati kumeneku ndi kundikhululukira kapena kundinyoza. Ndalandira zonse ziwiri, pamodzi ndi kapu ya malambe.

Lamulungu

Kutchalitchi. Ndakhala kumbuyo dala.

Nthawi yopatsana mtendere, wina wandigwira dzanja osalisiya. Mphunzitsi wa masamu uja. Wati, "Mtendere ukhale nanu. Komputadolo yanga siikuyaka." Ndati mtendere ukhale nanunso, tionana mawa. Wati palibe chifukwa chodikira, wabwera nayo, ili pansi pa benchi.

Ndabwerera ku Canongola nditanyamula buku la nyimbo dzanja ili, komputadolo ya munthu dzanja linali. Amake Tina ayenda patsogolo, mapewa akugwedezeka. Akuti sakuseka.

Basi, ntchito yanga ndi imeneyi. Adzandipeza kumsika, kumaliro, ngakhale pa mpando wa ometa tsitsi. Ndasiya kulimbana nazo.

Titadya ndaiyang'ana. Batire inangotha. Ndailumikiza ku magetsi, yayaka nthawi yomweyo.

Ndimuuza Lachiwiri. Aganize kuti inali ntchito yaikulu.