Nkhondo ya Kapeti ya Pansi pa Ng'oma

M'masiku amene anthu anasiya kuopa nthambo za magetsi n'kuyamba kuzilumpha ngati zingwe zoyanikapo zovala, m'chaka chimene madenga a malata anaphunzira kunjenjemera popanda mphepo, pa Loweruka lina dzuwa lili paliwombo, mayi osamala holo anaimirira pakhomo, nsanza ili m'manja, maondo ali psuu ndi polishi, n'kulankhula mawu amene akanamveredwa, bwenzi lero munthu wina akuyenda mowongoka.

"Bambo a tsitsi inu, siteji iyo ndaipaka katatu. Ntchentche ikatera pamenepo ikumagwa chagada. Chilichonse cholemera muchiyalire kanthu pansi."

Amene ankauzidwayo anali Mkokomo. Mkokomo mng'amba-denga, mdzutsa-makanda, wometa anzake sabata yonse koma iye mwini lumo osalidziwa, mwini tsitsi lofika m'chiuno, woimba wamkulu wa gulu la Misomali Inayi. Nyimbo zawo ndi zija amati roko yolimba, zimene gitala imalira ngati chitsulo chikudulidwa ndipo woimba amakuwa ngati wathiridwa madzi otentha, chonsecho onse ali bwinobwino. Zaka zisanu ndi ziwiri anakhala akuimbira m'galaja, ndipo tsiku limeneli ndilo anasankha kujambula chimbale pamaso pa anthu, kamodzi n'kamodzi, kopanda kubwereza. Mkokomo ankafuna chinthu chimodzi chokha pansi pano: kuti dzina lake lizitchulidwa chifukwa cha mawu ake.

Chenjezolo analilandira ndi khutu lakumanzere, limene linafa kalekale chifukwa choimirira pafupi ndi sipika. Ana inu, musamaimirire pafupi ndi sipika.

Tsono m'gulumo munali mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake weniweni, Chivomezi wowotcherera zitsulo, wa mikono ngati mipope ya madzi, woimba ng'oma zisanu ndi mbale zachitsulo zitatu nthawi imodzi. Ndipo Chivomezi anali ndi kapeti. Kapeti imeneyi inachokera pabalaza pa mkazi wake. Kale inali yobiriwira, ya maluwa apinki. Pakona pake panali chipsera cha simbi, pakati pake mafuta a galimoto, ndipo mphaka wa m'galaja anaberekerapo kawiri. Ntchito yake inali imodzi. Ng'oma yaikulu ija amaiponda ndi phazi, ndipo akaiponda imafuna kuthawira kutsogolo. Kapeti ndiyo imaigwira miyendo.

Pamene Chivomezi anaiyala pa siteji, Mkokomo anaponda phazi limodzi pa sipika, natukula dzanja, nalankhula monga alankhulira mtsogoleri asilikali asanawoloke mtsinje.

"Alamu, ife ndife Misomali. Tavala zakuda. Ine ndavala buluku lachikopa m'kutentha kuno, moti miyendo yanga sindikudziwa ngati ikadalipo. Wojambula zithunzi wabwera kuti tikhale pachikuto cha chimbale mpaka m'masiku a zidzukulu zathu. Kodi zidzukuluzo zidzaone agogo awo ali pa maluwa apinki?"

"Alamu," anatero Chivomezi, "ng'oma iyi imayenda."

"Ili ndi miyendo?"

"Iwiri. Bwerani muione."

"Zaka zisanu ndi ziwiri sindinaionepo ikuyenda."

"Inali pa kapeti."

"Ndiye lero ione dziko."

Pamenepo magulu a nkhondo anagawikana. Zala, woimba gitala, anapita mbali ya Mkokomo chifukwa kapetiyo inkamuyetsemulitsa. Phee, woimba gitala ya mawu aakulu, sanalankhule, pakuti munthu ameneyu chibadwire sanamalizepo chiganizo, ndipo mbali zonse ziwiri zinamuwerengera kwawo. Kapeti inakulungidwa, n'kuponyedwa kuseri kwa holo, pakati pa ndowa ndi matsache. Chivomezi anaiperekeza ndi maso, nakhala pa mpando wake, nati, "Mboni zanga ndi mayi awa ndi polishi wawo." Mayiwo anangofinya nsanza yawo n'kukakhala pafupi ndi khomo lotulukira, pamene munthu wanzeru aliyense amakhala.

Anthu anadzaza holo mpaka m'mawindo, chinthu chimenenso sichabwino. Wojambula mawu, mahedifoni ali m'makutu, anapereka lamulo lomaliza: "Kaya wina akomoke, kaya denga ligwe, osaima."

Nyimbo yoyamba, ng'oma inasuntha ndi chala chimodzi. Nyimbo yachitatu, inasuntha ndi chikhatho, ndipo Chivomezi anayamba kuitsatira, akukoka mpando ndi matako, manja osaleka ntchito. Nyimbo yachisanu, inali itaphunzira njira. Inkapita mwaulemu, mosapupuluma, itabereka ng'oma zing'onozing'ono kumsana, mwini wake akukhwekhwereka pambuyo pake thukuta lili kamukamu. Pa nyimbo yachisanu ndi chiwiri mbale zachitsulo zija zinatsalira kumbuyo ngati ana otopa paulendo, ndipo Chivomezi anazimenya komaliza atapotoza msana, n'kuzitsanzika. Phee anaona ng'oma ikubwera, anaipatukira monga apatukira munthu galimoto ya maliro, osaphonya chingwe ngakhale chimodzi. Zala anakuwa kuti, "Mkokomo, kumbuyo!" koma anakuwira khutu lakufa lija.

Anthu a kutsogolo anayamba kuloza. Mkokomo anaona zala mazanamazana zikuloza kumene iye anali, ndipo mtima wake unasefukira. Anati mumtima: andidziwa. Anasendera kutsogolo kuti amuone bwino. Anthu analoza kwambiri, ena atagwira pakamwa. Anasenderanso, mpaka nsonga za nsapato zake zinasuzumira pansi. Kucheuka sanacheuke, pakuti ankaphunzitsa anzake kuti woimba roko sacheuka. Koma munthu aliyense, kaya ndi woimba kaya ndi wogula tomato, azicheuka.

Inafika nyimbo yakhumi, yomaliza, yotchedwa Chitseko Chachitsulo, imene kumapeto kwake kunali liwu lalitali limene Mkokomo analikonzekera miyezi itatu, akumwa madzi ofunda okhaokha. Anatsinzina. Anakoka mpweya wa holo yonse. Chivomezi, amene sakanatha kuima chifukwa cha lamulo ndiponso, tinene zoona, sanafune kwenikweni kuima, anaponda ng'oma kanayi motsatizana monga nyimbo inkafunira. Kachinayiko ng'oma inafika kuseri kwa maondo a mlamu wake.

Siteji imeneyo njofika munthu pachifuwa. Mkokomo anaitsika yonse ali ndi maikolofoni kukamwa. Liwu limene linatuluka silinali la miyezi itatu lija. Linayamba ngati la munthu, linakwera ngati la macheka, linapinda pakati ngati la chitseko chadzimbiri, ndipo linathera m'mawu amodzi omveka bwino: "Alamuuu!" Kenako phii. Kenako holo yonse inaphulika ndi m'manja.

Apa mpamene nkhondo yeniyeni inayambira. Mkokomo, atagona chammbali pa benchi, analamula kuti mfuuyo ichotsedwe m'chimbale. Wojambula mawu anati inalowa m'mamaikolofoni onse asanu ndi anayi, ndipo kuichotsa n'kudula nyimbo mutu. Chivomezi anati iye sakambirana chilichonse kufikira kapeti itapepesedwa. Masiku makumi anayi alamu awiriwa sanapatsane moni. Chivomezi anakametetsa kwa wometa wina, tsidya lina la msewu, n'kudutsa pakhomo pa Mkokomo kawiri mutu uli mbee. Mkokomo anazula geti lake lomwe linali labwinobwino, n'kulinyamulira kwa wowotcherera wina, masanasana, anthu akuona. Mlongo wake ankayenda pakati pa nyumba ziwirizi atanyamula mauthenga, ndipo ambiri ankawataya panjira.

Chimbale chinatuluka mfuu ili momwemo. Wolemba nyuzipepala wina analemba kuti sanamvepo luso lotere, ng'oma zoyambira kutali n'kumayandikira nyimbo ndi nyimbo ngati adani akuzinga mzinda, ndi kulimba mtima kosiya mbale zachitsulo pakati pa ulendo. Za mfuuyo analemba kuti ndi kulira kwa m'badwo wonse. Inamveka pa wailesi, m'mabasi, m'mashopu ogulitsa matayala. Anthu anaiika m'mafoni mwawo, moti pamzere wa kuchipatala ukangomva "Alamuuu!" anthu asanu ankapisa m'matumba. Kometera kwa Mkokomo kunadzaza anthu opanda tsitsi lometa.

"Ndinu a mfuu aja?"

"Ndine woimba. M'chimbalemo muli nyimbo khumi."

"Eya, timazidumpha. Tatiponyereni kamodzi, bambo."

Patapita mwezi Misomali inaitanidwanso ku holo yomweyo. Chivomezi anabwera ndi kapeti yake osapempha chilolezo, ndipo ng'oma inakhala phee ngati mwana wokhuta. Mkokomo anaimba bwino kuposa tsiku lina lililonse la moyo wake. Anthu anadikira. Pofika pa Chitseko Chachitsulo anayamba kuponda pansi: "Mfuu! Mfuu! Mfuu!" Mkokomo anameza malovu pamodzi ndi ulemu wake, natsinzina, nakuwa "Alamuuu!" mwaluso lonse, liwu loyera, lowongoka, losagwedera.

Holo inangoti zii.

"Si imeneyo!" anakuwa mayi wina kumbuyo.

"Mwatibweretsera woimba wina! Uja ali kuti?"

Anthu anatuluka mwakachetechete ngati akuchokera kozonda wodwala. Sabata imeneyo Mkokomo anayesa zonse. Anakuwira m'bafa. Anadzithira madzi ozizira. Anapempha Zala kuti amuponde chala, ndipo Zala anamuponda mokondwa, koma chinatuluka n'chitukwano chabe. Anadumpha kuchokera pa tebulo, koma munthu wodumpha yekha amadziwa kuti akudumpha. M'tauni munayamba kumveka zoti mfuu ija anaimba ndi munthu wina waganyu, ndipo dzina la Mkokomo, mng'amba-denga, linayamba kutchulidwa anthu akuseka.

Pamenepo mlongo wake anaitanitsa onse pabalaza pake, pamalo penipeni pamene kapeti inkakhala kale, nakhazika mwamuna wake uku, mchimwene wake uko.

"Achimwene, mukufuna chiyani?"

"Mawu anga."

"Mawu anu ali m'ng'oma ya alamu anu. Inu bambo a kuno, mukufuna chiyani?"

"Kapeti ilemekezedwe."

"Kapetiyo ndi yanga, nonse simunandipemphepo. Tsono mverani."

Pangano la mtendere linali ndi mfundo zitatu. Yoyamba: ng'oma izikhala pa polishi, popanda choyala. Yachiwiri: Mkokomo asacheuke, ndipo Chivomezi asamuuze nyimbo imene ng'oma idzafike, pakuti mfuu yodziwiratu siituluka. Yachitatu: kapeti iziyalidwa kutsogolo, pansi pa siteji, pamaso pa anthu onse, pamalo pamene woimba wamkulu azigwera.

Mkokomo anasisita chiuno. Kenako anaimirira, nayang'ana kapeti imene inali yokulunga pakona, nati ndi mawu a mfumu yogonja: "Ndinakulakwira."

"Mokweza, alamu. Ndi yakale, siimva bwino."

"Ndinakulakwira!"

Mtendere unakondwereredwa Loweruka lotsatira. Kapeti inachapidwa koyamba m'zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo madzi ake anapha udzu wa kuseri kwa nyumba. Amuna anayi ovala zakuda anainyamula pamapewa kuchokera ku galaja mpaka ku holo, Zala akuyetsemula njira yonse, magalimoto akuima. Mayi osamala holo anapemphedwa kupaka siteji kanayi, ndipo anapaka kasanu. Panali tiyi ndi mabisiketi. Phee anapemphedwa kulankhulapo, anati, "Ine ndimaona ngati," n'kukhala pansi, ndipo anthu anawomba m'manja. Wojambula zithunzi anajambula kapeti yokha, maluwa apinki ali ngwee, ndipo chithunzicho ndicho chili pachikuto cha chimbale chachiwiri.

Tsiku limenelo ng'oma inafika kuseri kwa maondo a Mkokomo pa nyimbo yachisanu ndi chimodzi. Mfuu inatuluka yeniyeni, anthu analira misozi, ndipo palibenso amene anakayika kuti mwini wake ndani.

Mpaka lero Mkokomo amaimba Loweruka lililonse atayang'ana kutsogolo, khosi lili gwa, khutu lamoyo lija litatchera kumbuyo. Dzina lake limatchulidwa m'tauni monse chifukwa cha mawu ake. Amayenda chammbali ngati akudutsa pakhomo lopapatiza, amameta anthu atatsamira khoma, ndipo mpando ukangokhwekhwereka kumbuyo kwake amataya lumo. Mwezi watha anapempha alamu ake kuti mwina pansi pa kapetiyo aziikapo kamatiresi. Chivomezi anati zimenezo m'pangano mulibe.