Msana wa Che Jafali

Amene analipo tsiku lija ndiwatchule, wina asadzati ndikunama: ine, mkazi wanga, mpongozi wathu Ba Mwila amene anali ndi pakati potopa, ndi Che Jafali, telala woonda wa nyumba yoyandikana nafe kuno ku Kanyama. Mwana wanga Yohane, mwamuna wa Ba Mwila, anali ku tauni ndi minibasi yake. Mpaka lero Che Jafali sandipatsa moni.

Matenda anamuyamba mpongozi masana, mvula itadzaza njira zonse. Tinamuimbira Yohane, akuti madzi amutsekereza. Kuchipinda kukungomveka kubuula: "Musana, mayo, musana." Mkazi wanga n'kunena kuti anesi kukiliniki anawaphunzitsa kusisita m'chiuno pang'onopang'ono, akuti ululu umachepa, munthu n'kumapuma bwino.

Kusisita kuuza ine, amene ndinkawongola miyendo ya anyamata a mpira ku Matero? (Sukulu sindinapite nayo patali, koma manja awa ndi a dokotala.) Chovuta ndi mwambo: mpongozi sagwidwa, kuchipinda kwake sulowa. Ndiye ndinakoka Che Jafali, amene anangobwera kudzabwereka ambulera, n'kumugoneka chafufumimba pakhomo pa chipinda kuti mkazi wanga azionera pa katani.

"Amake Yohane, onani kuno! Chigongono apa, mukanikize chonchi."

"Mdala, ine nilibe mimba," akudandaula Che Jafali.

Ndinaonjezapo bondo. China chake chinalira kuti khotcho, telala n'kukuwa ngati mbuzi. Nthawi yomweyo kuchipinda kunangoti zii.

Abale, mantha ndinawadziwa tsiku limenelo. Mumtima ndinati mkazi wanga watsatira zanga, waika bondo, ndapha mdzukulu asanaone dzuwa, ndaphanso mwana wa eni.  Kulowa sindingalowe. Ine amene mawu anga amamveka mpaka kumsika, ndinachita kunong'ona.

"Amake Yohane, ali moyo?"

"Khalani chete inu. Sindinakuyang'aneni n'komwe. Ndikusisita mmene ananenera anesi, Mwila wapezako mpumulo."

Ndinakhala pansi pomwepo, pambali pa telala (mwina ndinalira, koma palibe anaona).

Yohane atafika, minibasi inanyamula odwala awiri. Mpongozi anakwera yekha. Che Jafali tinachita kumunyamula.

Kukiliniki ndinadikira pabenchi, chipewa m'manja. Yohane anatuluka, n'kubwera pamene ndinakhala.

"Atate, muzukulu wanu wabadwa, ni mukazi, ali bwino. Manje ba nesi bafunsa kuti ba Jafali inabagunda ni motoka ya bwanji. Nibayankhe chani?"