Mphindi Ziwiri Zimene Anandipatsa pa Kompyuta

Anzanga, musandifunsenso chifukwa chimene ndinasiyira kupita ku misonkhano ya kopaletivu. Ndikuuzani lero kamodzi kokha, museke mpaka mukhute, kenako mundisiye ndi khofi wanga.

Ine Sibale khofi ndinayamba kulima kuno ku Misuku mano onse akadali m'kamwa. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, sindibisa, koma chipatso cha khofi ndikachiluma ndimadziwa ngati chakhwima kapena chikunamiza. Ndiye tangoganizani, zaka zisanu zotsatizana ndikasenza khofi wanga kupita naye ku depoti, Kayuni, kalaliki amene amaika magiredi uja, amangomuthira m'madzi, kuvundula kamodzi ndi dzanja, n'kunena osandiyang'ana n'komwe kuti giredi yachiwiri. Chifukwa chake ndimachidziwa. Bambo ake ndinawagonjetsa pa mlandu wa malire a munda, ndipo mwana anatengera mkwiyo pamodzi ndi mundawo. Ndinadandaula ku komiti, koma theka la komiti ndi abale ake. Ndinalembetsa kalata, sinayankhidwe mpaka lero. Paja nthawi ya riferendamu tinavotera nyali ya matipate atatiuza kuti tsopano aliyense azilankhula momasuka. Kulankhula tikulankhuladi, womva ndiye sanabwere naye.

Chaka chija cha matenda a korona, alangizi athu a zaulimi, Mayi Phiri, a ku Dedza koma amayesetsa ndithu kunena kuti yewo, zikomo wa kuno, anakwera phiri kudzandiuza kuti Lachinayi kuli msonkhano waukulu. Akuluakulu a ku likulu adzakhalapo, azungu ogula khofi wathu adzakhalapo, ndipo mwa alimi onse a dera lathu asankha atatu okha, ine ndili momwemo. Anawonjezera kuti msonkhanowo ndi wa pa intaneti, umene amautcha webina, koma zimenezo ndinangozilola zidutse. Chimene ndinamva ine n'chakuti mabwana a Kayuni adzakhala pamaso panga, ndipo ndidzalankhula.

Masiku atatu ndinakonza mawu anga ndili m'munda, kuuza mitengo ya khofi. Lachinayi m'mawa ndinavala jekete la kutchalitchi, ndinatenga kathumba ka khofi wanga wosenda kuti azunguwo akanunkhize okha, ndinagwiranso tambala wanga wamkulu. Mayi a kunyumba anati tambalayo ndimusiye, ine ndinawayankha kuti munthu wochoka kutsidya kwa nyanja sangabwerere chimanjamanja ngati wafika pamudzi pa anthu osaleredwa. Ndinatsetsereka phiri maola awiri, mvula ikuwaza, nsapato zili m'khosi kuti zisade, tambala ali m'khwapa.

Kufika pa ofesi ya kopaletivu, panja palibe galimoto ngakhale imodzi. M'kati muli benchi, tebulo, alimi anzanga awiri aja, Mayi Phiri, ndi Kayuni atakhala pakona akukanda foni. Ndinafunsa ngati alendo achedwa ndi msewu, poti msewu wathu mukuudziwa, ngakhale bulu amaukana. Mayi Phiri anatsegula kompyuta yopinda ngati buku n'kuiloza.

“Alendo ali umu, bambo Sibale.”

Ndinayang'ana kompyuta, ndinayang'ana tambala, tambala anayang'ana ine. Kayuni pakona paja anatsokomola chitsokomolo chimene sichinali cha chifuwa. Ndinamanga tambala ku mwendo wa benchi n'kukhala pansi ngati ndinkadziwa kale.

Posakhalitsa pagalasi panayamba kutuluka nkhope, iliyonse m'kabokosi kake ngati nkhunda m'khola. Mitu yokhayokha. Ine monga munthu wolemekeza ndinaimirira, kuvula chipewa, n'kuyamba kupereka moni kwa mmodzimmodzi kuyambira kumanzere. Palibe anayankha. Wina ankamwa tiyi, wina ankakanda m'khutu, mayi wina anali kukalipira munthu amene sitinkamuona. Ndinafika pa wachisanu ndi chiwiri mtima utayamba kale kuwawa, ndipo pamenepo Mayi Phiri anandikoka jekete kuti ndikhale, ati sakundimva chifukwa maikolofoni ndi yotseka, komanso ndikaimirira iwo amangoona mimba yanga ndi lamba. Mabwana a ku likulu anayamba kundidziwa choncho, lamba wothyoka amene ndinamangirira ndi waya.

Msonkhano unayamba. Kunali pemphero lalifupi ngati la munthu amene mabasi akumusiya, kenako bwana wina wa tayi anayamba kulankhula Chingerezi, nkhope yake n'kuchoka, pamalo pake n'kubwera zithunzi za mizere yokwera ndi yotsika. Mayi Phiri ankatimasulira pang'onopang'ono, ati akunena kuti khofi wa m'mapiri mwathu ndi wokoma kwambiri. Ndinati nanga giredi yachiwiri imachokera kuti, koma anati ndidikire nthawi ya mafunso. Nkhope ya bwanayo itabwerera, ali pakati pa mawu, mwadzidzidzi anauma. Pakamwa yasa, diso limodzi lotseka, osaphethira. Mchimwene wanga anagwa chimodzimodzi pa maliro ena ndipo sanadzukenso, ndiye ine ndinalumpha n'kuyamba kuuza nkhope zinazo kuti wina amugwire munthuyo, amumasule tayi, amugoneke pansi. Kodi mukanakhala inu mukanangoyang'ana? Mayi Phiri anati bwanayo ali bwinobwino, yathawa ndi netiweki, foni yawo imene ikupatsa kompyuta intaneti yagwira ya ku Tanzania. Anakwera pa mpando pafupi ndi zenera, foni m'mwamba, ndipo bwana uja anauka kwa akufa n'kupitiriza kulankhula ali kale pa nkhani ina. Alimi anzanga anaseka mobisa. Kayuni sanabise.

Itakwana nthawi ya mafunso, mayi amene ankayendetsa msonkhano kuchokera ku likulu ananena m'Chichewa kuti amene ali ndi funso alembe kapena akweze dzanja. Kulemba ndinadziwa kuti si kwanga. Ndinakweza dzanja. Anaitana wa ku Ntchisi. Dzanja lili m'mwamba. Anaitana wa ku Thyolo, amene anatha nthawi yonse kufunsa za nyerere. Dzanja lili m'mwamba, layamba dzanzi, ndalichirikiza ndi linzake ngati nthochi yolemedwa ndi mkoko. Mayi Phiri atatsika pa mpando paja n'kundiona, anagwira pakamwa. Ati dzanja limene likuwerengedwa si limeneli, pali kena kachikasu kamene umadina pa kompyuta. Anadina, ndipo kadzanja kangati ka chidole kanatulukira pamwamba pa mutu wanga. Dzanja langa lenileni, limene ladzala mitengo yoposa imene mabwana onsewo anaionapo, linalibe ntchito.

Pofuna kuti tikhale okonzeka, Mayi Phiri anatsegula maikolofoni msanga, mzungu wogula khofi ali pakati pofotokoza za ukhondo pa ntchito yathu. Tambala anasankha nthawi yomweyo. Analira kulira kwa tambala wa m'mapiri, kawiri, ndipo nkhope zonse zinatembenuka, tinkhope toseka tachikasu n'kuyamba kukwera pagalasi ngati thovu la mowa. Mzungu anati moni kwa nkhuku ya ku Chitipa. Mwamva? Ine ndinapereka moni kwa anthu asanu ndi awiri osayankhidwa, tambala anangolira n'kulandira moni wochokera ku Ulaya. Ndinakamumanga panja pa mtengo wa mapeyala, ndipo Lamulungu lotsatira tinamudya. Analibe mlandu waukulu, koma wina ankayenera kulangidwa.

Nditabwerera pa benchi ndinamva dzina langa. Mayi wa ku likulu uja anati tsopano timve kwa a Sibale a ku Misuku, ndipo muli ndi mphindi ziwiri, bambo.

Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse, anzanga, chifukwa enanu mukanachita zomwezo. Kwathu kuno munthu sulowa m'nkhani ngati mbuzi m'dimba. Uyambe wapereka moni, ufunse za kunyumba, unene dzina lako ndi la bambo ako, uthokoze amene akupatsa malo. Ndipo ngati wabwera kudzaneneza munthu, uyambe wamutchula mwaulemu, unene zabwino zake zonse, kuti omvera aone kuti sunabwere ndi chidani. Ukatero mawu ako amalemera. Mlandu wa malire uja ndinaupambana choncho. Mphindi ziwiri ndinaziona ngati mawu chabe, monga mmene mlaliki amanenera kuti ndikumaliza.

Ndiye ndinayamba. Ndinapereka moni kwa mayi woyendetsa msonkhano, kwa bwana wa tayi amene ndinamuuza kuti ndakondwa kumuona ali moyo, kwa mzungu ndi a kwawo onse kutsidya. Ndinafunsa za mvula ku likulu. Ndinathokoza kopaletivu potikumbukira ife a kumapeto kwa dziko, ndinathokoza alangizi athu pokwera mapiri. Mayi Phiri anali kundinong'oneza kuti lowani m'nkhani, lowani m'nkhani, ine ndinawachotsa ndi chigongono. Kenako ndinakonza pakhosi n'kuyala mphasa ya mlandu.

“Ndiye pali mwana wathu Kayuni, amene wakhala apoyo. Mwana ameneyu amadzuka m'mamawa. Kaya mvula kaya dzuwa, mumupeza pa depoti. Khofi wathu yense amadutsa m'manja mwake. Timamudziwa bwino, bambo akenso tinkawadziwa.”

Ndinapuma kamodzi, n'kunena koma. Ndipo kuchokera pamenepo ndinatsegula zonse. Zaka zisanu, chaka ndi chaka. Mmene amavundulira madzi. Mmene khofi wa alamu ake, wa mbewu yomwe ndinawapatsa ndine, amakhalira giredi yoyamba nthawi zonse. Komiti, kalata, malire a munda. Ndinatulutsa kathumba kaja n'kukayandikiza pagalasi kuti mzungu aone yekha maso a khofi wanga, mwinanso fungo limudutsire. Ndinaloza Kayuni ndi chala. Ndinkamva ndithu kuti m'kompyutamo wina akulankhula chapansipansi, koma ndinati ameneyo ndi womasulira, akupereka mawu anga kwa azungu. Ndipo nkhope zija zinali kugwedeza mitu, anzanga. Bwana wa tayi ankalemba. Mzungu ankavomereza ndi chibwano. Mtima wanga unapepuka koyamba m'zaka zisanu. Mayi Phiri anayesa kawiri kundidula, ine n'kuwakwezera chikhatho kuti mkulu akamalankhula sadulidwa.

Nditamaliza, thukuta lili mpaka m'jekete, ndinati yewo chomene n'kupinda manja. Alimi anzanga anali kuyang'ana zala za kumapazi. Mayi Phiri analankhula motsitsa ngati akupepesa maliro.

“Bambo Sibale, anakutsekani kalekale. Mphindi zanu zinathera paja munati bambo akenso tinkawadziwa.”

Ndinafunsa kuti nanga mitu ija imagwedezera chiyani. Ati imagwedezera mlimi wa ku Zomba amene ankafotokoza za manyowa. Ndinafunsa ngati angatsegulenso. Anadina kadzanja kachikasu kaja, koma mayi wa ku likulu anali atayamba kale kuthokoza onse, nkhope zinayamba kuzima imodziimodzi, ndipo pomaliza pagalasi panatsala nkhope imodzi yokha, ya nkhalamba ina yotuwa itagwira kathumba. Ndinaiyang'ana kanthawi ndisanazindikire kuti ndi ine.

Kayuni anaika foni m'thumba, n'kubwera kudzandipatsa moni wa manja awiri.

“Mwalankhula bwino, adada. Ine ndamva zonse.”

Mukuganiza kuti zinathera pamenepo? Patapita milungu iwiri, anthu anayamba kundiimitsa pa msika, ati takuonani. A ku likulu anadula kachidutswa ka msonkhano uja n'kukatumiza m'mafoni a alimi onse, pamwamba atalemba kuti mlimi wa ku Misuku ayamikira ntchito ya pa depoti. Ndinakaonetsedwa ndi wogulitsa sopo. Ndine ndemwe, jekete, chipewa m'manja, ndikunena ndi mtima wonse kuti kaya mvula kaya dzuwa mumupeza pa depoti. Azibale anga a ku Chisenga anaimba foni kundifunsa ngati tinagwirizana ndi a Kayuni mpaka kukwatirana. Komiti inawerenga pa msonkhano wa pachaka kuti madandaulo a ku dera lathu anatha, umboni wake ndi a Sibale. Kayuni anamuwonjezera depoti yachiwiri kuti aziyang'aniranso, ati alimi amamukonda.

Nthawi yokolola itafika ndinasankha khofi wanga chipatso chimodzichimodzi, chofiira chokhachokha, n'kupita naye. Pamzere panali anthu ambiri. Kayuni anandiona, anatulutsa foni, anaika kachidutswa kaja mokweza kuti onse amve mpaka kumapeto. Kenako anathira khofi wanga m'madzi, anavundula kamodzi, ndipo ulendo uno anandiyang'ana m'maso.

“Giredi yachiwiri, adada. Mukafuna kudandaula, ndikupatsani nambala ya ku likulu. Amakudziwani kumeneko.”

Sekani, ndinakulolani kale. Ine ndinalumbira pa depoti pomwepo kuti msonkhano wa anthu a mitu yokhayokha sindidzapondako mpaka imfa. Ndipo tsiku limene ndidzafike kumwamba, akadzati a Sibale muli ndi mphindi ziwiri, Mulungu andikhululukire, ndidzayamba ndi Kayuni. Moni ndidzapereka pambuyo ngati nthawi idzatsale.