Mtedza pa Bwalo la Netibolo

Lolemba

Zikomo Ambuye! Loweruka lino netibolo ya zoni ichitikira pasukulu pathu pano, koyamba chiyambire. Kukubwera atsikana a ku Malomo, komanso mayi wina wa ku Boma wosankha timu ya boma lonse la Ntchisi. Ine monga mphunzitsi wa masewera maganizo onse ali pa Tadala wa Fomu 3. Mwana ameneyu akaponya mpira saphonya. Koma bambo ake anakana kalekale: "Mwana wanga wamkazi sakwera lole kupita kumpira." Ndiye mayiyo akapanda kumuona pano, basi, sadzamuonanso kwina.

Zofunika: phulusa lolembera mizere, kupopa mpira, kusesa bwalo. Zophweka!

Lachiwiri

Zophweka zake ziti? Kumapiri kuno malo athyathyathya ndi amodzi okha, bwalo lathu. M'mawa ndikupeza mtedza mbwee, mikeka kuyambira goli iyi mpaka iyo. Amayi ena akuti, "Madamu, kwathu ukayanika umagubuduka mpaka kudambo." Sakunama, ndinauonapo ndi maso angawa. Ndawapempha mwaulemu, avomera kuchotsa mawa. Anthu abwino. Andipatsako wodzaza manja, ndikulemba uku ndikutafuna.

Lachitatu

Achotsadi! Ena ayanika.

Ndikupita kukadandaula kwa ahedi. Akundimvetsera bwinobwino, mutu gwede gwede, kenako motsitsa mawu: "Wa pakati pa bwalo uja ndi wa mayi akunyumba. Kambani nawo nokha, ine ndili ndi bipi."

Pulakatisi tachitira mumsewu. Mpira wathawira kudambo, atsikana autsatira. Bola athamanga, mphamvu zikubwera.

Lachinayi

Ndalemba mizere ya phulusa mozemba mikeka. Yakhota ngati njira ya munthu wochokera kumowa. Pabwalo lero pali:

mtedza wa kwa ahedi
soya wa akatekisi
mphale ya mayi wogulitsa mandasi pageti
nkhuku, zobwera zokha

Nanga pansi pa goli penipeni, mtedza wa ndani? Wa bambo a Tadala! Ndikuwafotokozera zonse, za mayi wa ku Boma, za luso la mwana wawo. Iwo: "Mpira umadyedwa, Madamu?" Tadala ali pomwepo, akutembenuza mtedza ndi phazi, maso pansi. Mtima wandipweteka kwambiri.

Lachisanu

Onse alonjeza kuchotsa mawa m'mamawa. "Lingoumitsako la lero dzuwali." Akatekisi alonjeza mpaka kuloza kumwamba, ndiye ndingakayike bwanji? Atsikana achapa yunifomu, ayanika pa goli poti pansi palibe malo. Ndigona ndi mtima umodzi.

Loweruka

Sanachotse! Mudzi wonse uli ku ukwati kuparishi, aiwala.

Lole ya a ku Malomo yafika, atsikana akuimba. Mayi wa ku Boma atsika, ayang'ana uku ndi uku: "Apa ndi pabwalo kapena pamsika?" Ndasowa pobisa nkhope.

Tili chiimire, phiri lasowa m'mitambo yamvula. Mawawa! Mtedza ukanyowa umachita chuku, aliyense kuno amadziwa. Wezulo sindinalize, ayi. Atsikana angothamanga okha, athu ndi a ku Malomo omwe, ana a alimi okhaokha. Kuwola, kuthira m'matumba, kupatsirana dzanja ndi dzanja mpaka m'kalasi. Mayi wa ku Boma avula nsapato, agwira mkeka mbali ina, ine mbali ina. Fomu 2 yadzaza mpaka pakhomo. Nkhuku zikutukwana.

Eni ake akufika ali wefuwefu, zovala za ukwati zili nyowe, apeza zonse zili m'kati, zouma.

Bwalo tsopano layera, monga ndimafunira sabata yonse. Koma ndi matope okhaokha, mizere yapita. Masewera asamutsidwira ku Boma, Loweruka linalo. Tadala walira. Inenso ndalira, kuseri kwa ofesi.

Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi bambo a Tadala andiimitsa, chipewa chili m'manja. "Madamu, mtedza uja ndiwo chaka chathu chonse. Za lole ndinakana, ndakanabe. Koma njinga ndili nayo. Ndikamusiya ndekha, ndikaonenso zimene amaponyazo."

Mpaka ku Boma, zitunda zonse zija, pa njinga! Ndangowomba m'manja ngati mwana wolandira chovala chatsopano.

Masana dzuwa latuluka, bwalo ladzazanso. Ndangowasiya, ndatopa. Pulakatisi ya sabata ino ndi mumsewu momwemo. Amayi aja andibweretsera chidebe cha mtedza, ati zikomo. Uli ndi kachinyezi, ndipo pakhomo panga ndi potsetsereka. Ndapeza kamalo pafupi ndi goli, ndayanika wanga.